Ndinanamizira anyani

A zamadzi atamanga kabokosi pamlongoti m'mbali mwa mtsinje wa Lufilya, pomwe timasamba amayi, anati n'koyezera mtsinje. Ine ayi. Kuyeza madzi mpaka kagalasi koloza padooko? Ndinakwera pandowa n'kumata matope pakagalasipo ndi pasola yake yotapira mphamvu ya dzuwa pomwe.

Sabata yatha kunabwera mtsikana wokonza makinawo.

"Agogo, kabokosika kazima. Ndi kamene kamachenjeza akumunsi kuti athawe mtsinje ukamadzaza. Mwaonapo wina akukagwira?"

Kumunsiko kuli mwana wanga ndi adzukulu anga, ndipo mvula yayamba kale.

"Ndi anyani, mama," ndinatero, osaphethira.

Mtsikanayo anasisita matope aja, osalala bwinobwino mpaka m'makona.

"Anyani akuno amadziwa kuzira ngati pakhonde," anatero.

Ndinamugwirira ndowa akutsuka, maso anga ali pansi. Pochoka anandithokozanso, ati yewo agogo potisungira katundu.