Mapulagi Otsukidwa ndi Phulusa

Sabata yathayi ndaphunzira za galimoto, ine amene ndilibe ngakhale njinga. Sindinachite kufuna. Anandikoka ndi amalume anga, a Namakhwa a ku Ndirande, ndipo amalume akakuitana sufunsa kuti tikupita kuti.

Amalumewa ndi kalipentala, ndi mkulu wa mpingo, ndipo ali ndi galimoto. Anaigula kwa mzungu wina wa kufodya amene ankabwerera kwawo. Ndi yakuda, yamsana ngati kamba, yoliza ndi hendulo. Inalowa m'dziko muno nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Ikadutsa, utsi umatsala m'mbuyo ngati wina akuwotcha udzu wauwisi. Komabe ndi galimoto, ndipo kudera kwathu konse palibe wina amene ali nayo.

Nkhani inali iyi. Msuweni wanga Esinati, mwana wawo woyamba, ukwati wake unali Loweruka. Mwamuna wake ndi kalaliki wa ku boma, wochokera m'mabanja aja amene agogo awo anabatizidwa pa mishoni kalekale, ovala tayi ngakhale popita kumsika. Ife agogo athu anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, mphasa ili pamutu, kudzathyola tiyi ndi kulima thangata. Akuchimuna amadziwa zimenezi, ndipo saiwala kutikumbutsa. Pokambirana za ukwati, mmodzi wa iwo anati, "Za galimoto ya mkwatibwi musavutike nazo, ife tibwereka kwa anzathu." Amalume anayankha kuti mwana wawo adzafika pakhomo la tchalitchi pa galimoto ya bambo wake. Ananena pamaso pa ankhoswe. Mawu otere sabwezedwa.

Ndiye Lolemba galimoto ija inayamba kutsokomola. Ukailiza, ikunjenjemera ngati munthu wa malungo. Ikafika pachitunda, mphamvu zii. Mnansi wathu wina, dalaivala wa lole, anangomvetsera ali chiimire n'kunena kuti, "Mapulagi amenewo, akulu. Masulani, mupite nawo kusitolo akawaone."

Mumve bwino mawuwo. Akawaone.

Kwa inu amene munkangomva dzina ngati ine: pulagi ndi kachitsulo kotalika ngati chala, kakhosi koyera, kamene kamathethetsa moto m'kati mwa injini kuti petulo ayake. Amalume anamasula onse. Anatuluka akuda bii, onyowa ndi oyilo, mwaye utaundana kunsonga. Anawasiya pakhonde n'kupita kukasamba.

Pobwera anapeza akazi awo, amene ine ndimati azakhali, atakhala pamphasa ndi phulusa, mchenga ndi kansanza. Mapulagi akuwala ngati masupuni a alendo.

"Azakhali, mwatani?" ndinafunsa.

"Ndatani? Umafuna kuti amalume ako, mkulu wa mpingo, akatulutse zonyansa zija pamaso pa anthu ku Limbe? Anthu aziti kwa a Namakhwa kulibe mkazi?"

Amalume anawayang'ana mapulagiwo, nkhope n'kuwala. "Mwachita bwino, make Esinati." Anawakulunga m'kampango koyera, n'kuvala jekete.

M'tauni ya Blantyre muli sitolo ya azungu yogulitsa zitsulo za galimoto. Kumeneko munthu wakuda amagulira pawindo la kumbali, ndipo pawindo sakufunsa kanthu. Chimene akuponyera n'chomwecho. Choncho tinapita ku Limbe, kwa mmwenye wina wokalamba amene amalola munthu kulowa, kutsamira pakauntala n'kulankhula.

Mmwenyeyo anatenga pulagi imodzi, n'kuitembenuza, n'kuisuzumira kunsonga. Kenaka anayang'ana amalume.

"Oyera kwambiri awa, bambo. Mwatsuka?"

"Iyayi, ndi mmene alili."

"Galimoto yakale imeneyo. Ikudya oyilo? Utsi ukutuluka?"

"Galimoto yanga ndi yabwinobwino. Ndimaisamala ngati mwana."

Ine sindidziwa kusunga mawu m'kamwa, n'chifukwa chake pa ntchito sindikhalitsa. Ndinati, "Koma amalume, utsi uja..." Chidendene cha nsapato yawo chinatsikira pa chala changa chachikulu.

"Iwe, akulu akamagula, mwana amayang'ana pansi."

Ndili ndi ndevu, koma ndinayang'ana pansi.

Mmwenye sanatsutse. Anatipatsa mapulagi a mtundu umene galimotoyo inabwera nawo ili yatsopano. Tinawamanga, injini n'kulira bwinobwino. Amalume anandiyang'ana ngati akuti, waona?

Lachinayi anati tiyese msewu umene mkwatibwi adzadutse. Tinafika pachitunda cha Nyambadwe, pakati pa nyumba za azungu zija za maluwa kumpanda, galimoto n'kutsokomola kawiri katatu, n'kuzima. Ndinapukusa hendulo mpaka phewa linachita dzanzi. Zii. Tinaikankhira m'mbali, agalu a m'mipanda akutiuwa. Titamasula, mapulagi atsopano aja anali akuda bii, chimodzimodzi anzawo aja asanakumane ndi phulusa la azakhali.

Tiyeni tiisiye kaye pamenepo galimotoyo, sipita kulikonse.

Ndikufunseni, inu owerenga. Kodi azakhali analakwa chiyani chimene inu simuchita?

Mwana akadwala m'mimba usiku wonse, m'mawa timamusambitsa, kumudzoza mafuta, kumuveka malaya a pa Khirisimasi, ndiye tipite naye kuchipatala. Dokotala akafunsa kuti wadya chiyani dzulo, mayi atchula zakudya zimene m'nyumbamo sizinaloweko chaka chino. Bambo akutsokomola magazi, mlendo akafika pakhomo ayankha kuti, "Tili bwino, kaya inu." Akale anati ukabisa matenda maliro adzaulula. Mwambiwu timaudziwa tonse. Timaunena pamaliro.

Ine chizolowezi chimenechi ndili nacho mangawa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Pasukulu pathu buku lowerenga linali limodzi pa benchi lonse, wina akuwerenga chozondotsa. Denga linkadontha. Tsiku lina kunamveka kuti kukubwera woyendera masukulu. Aphunzitsi aakulu anatuma ana kukabwereka mabuku kusukulu ya tsidya lina ndi mabenchi a kutchalitchi. Miyala ya m'mbali mwa njira inapakidwa laimu. Ife a makabudula ong'ambika kumbuyo anatiuza kuti tsiku limenelo tikapalire m'munda wa sukulu, kuseri, ndipo tisatulukeko mpaka galimoto ya bwana itapita. Ndinaona zonse ndili m'chimanga. Bwana analowa, anapeza mwana aliyense ali ndi buku lakelake, ana onse aukhondo, anaimbiridwa nyimbo, anamwa tiyi. Akanaganiza chiyani? Kuti pano sipasowa kanthu. Madzulo omwewo mabuku anabwerera kwa eni ake. Atsopano sanabwere. Akanabwera bwanji, kubwera kwa anthu amene ali nawo kale?

Mayeso atafika, ambiri a ife tinatsala. Ine sindinabwererenso. Aphunzitsi aakulu aja sanali munthu woipa. Anangotsuka mapulagi.

Ndipo masiku ano a Chitaganya, mwaona zimene zimachitika akabwera alendo a kutsidya kwa nyanja kuti amve mmene tikukhalira? Misewu isesedwa. Laimu uja atulukanso. Asankhidwa amuna a majekete abwino, amene Chingerezi chawo sichipunthwa, ndipo akafunsidwa ayankha mwaulemu kuti zinthu zikuyenda, kungoti pang'ono apa ndi apo. Amene amagulira pawindo la kumbali saitanidwa. Amene ana ake akusowa malo kusukulu ali kuseri, m'chimanga. Alendo aja akwera ndege ali okhutira, ndipo zimene atitumizira pambuyo pake ndi za injini yatsopano. Ife n'kumadabwa kuti bwanji tikuzima pachitunda.

Musandimve molakwa. Manyaziwa sanagwe kumwamba ngati mvula, ndikudziwa kumene anachokera. Munthu amene wakhala akuuzidwa moyo wake wonse kuti ndi wauve, kuti asakhudze nsalu m'sitolo, kuti aime panja, amaphunzira kudzitsuka asanafike pamaso pa aliyense. Azakhali anakula akumva anthu a pa mishoni akutitchula dzina lija limene sindilemba pano. Phulusa lawo lija linali chishango. Ndikumvetsa. Koma kumvetsa sikukankha galimoto.

Ulemu ndi wabwino. Ukhondo ndi wabwino. Mlendo akabwera, sesani pabwalo, palibe akukuletsani. Koma pali mlendo wobwera kudzacheza, ndiye pali munthu amene mwapitako kuti akuthandizeni. Woyambayo muonetseni masupuni. Wachiwiriyo muonetseni chilonda. Ife tinasokoneza awiriwa, ndipo tikuyesa kuti ndiko kuleredwa bwino.

Tibwerere ku galimoto ija.

Anaikoka ndi mnansi wathu wa lole, pa chingwe, kudutsa pamsika wa Ndirande masanasana, ana akuthamangira m'mbuyo. Titafika kunyumba amalume anakhala pakhonde, mapulagi akuda ali patsogolo pawo. Azakhali anatulukira ndi mbale ya phulusa.

Esinati ndi amene anawaimitsa. Msuweni wangayu ine ndimamunena kuti ndi wofatsa ngati nkhuku yonyowa, iye amati ine ndine wailesi yopanda pozimitsira. Tsiku limenelo anagwada pafupi ndi bambo ake, manja ali pamodzi, mawu ali pansipansi.

"Bambo, ndilankhuleko?"

"Lankhula."

"Loweruka galimoto ikadzazima pa Nyambadwe, inu mudzatsika n'kutsegula boneti. Ine ndidzakhala m'katimo ndi velo, anthu akusuzumira pagalasi. Akuchimuna sadzaseka pulagi, bambo. Adzaseka ine, ndipo kumeneko ndi kumene ndikukakhala moyo wanga wonse. Mmwenye wa ku Limbe akakusekani tsiku limodzi, mawa waiwala."

 Amalume anatulutsa kampango koyera kaja, n'kutola mapulagi ali chomwecho, oyilo akudontha, n'kuwakulunga.

"Kampango kanga ka ku Mgonero!" anatero azakhali. "Chabwino, pitani. Koma dzina langa musakalitchule kumeneko."

Lachisanu m'mawa tinali pakauntala pomwe paja. M'sitolo munali anthu, ena a matayi. Amalume anayang'ana uku ndi uku, n'kumasula kampango.

"Tsiku lija tinatsuka," anatero. "Galimoto ikudya oyilo. Utsi umatuluka wambiri."

Palibe amene anaseka. Wa tayi mmodzi anangosuzumira n'kupitiriza zake. Mmwenye anatola pulagi imodzi, n'kupaka mwaye wake pachala.

"Eya, tsopano ndaona. Injini yakalamba, bambo, oyilo akukwera kumene sayenera kufika. Injini yotere imafuna pulagi yotentha, yowotcha mwaye usanaundane. Aja ndinakupatsani ndi ozizira, a injini yachinyamata. Mukanandiuza tsiku lomwe lija." Anatsitsa kabokosi kena pashelefu. "Awa si mankhwala, ndikuuziranitu. Injiniyo ikufunika kuitsegula. Utsi sutha. Koma ulendo wa pafupi muyenda."

"Kuchokera ku Ndirande kufika pa mishoni?"

"Mufika. Musaisiye ikulira pamalo amodzi nthawi yaitali, basi."

Loweruka ine ndinakhala kutsogolo, hendulo ili pamiyendo, kuchitira mwina. Esinati anali kumbuyo ndi anamwali ake. Titayamba chitunda cha Nyambadwe nyimbo zinatha zokha. Amalume anagwira chiwongolero ngati akupemphera. Galimoto inabuula, inanjenjemera, n'kukwera. Tinafika pakhomo la tchalitchi utsi uli tolotolo m'mbuyo mwathu, ndipo mkulu uja amene anati abwereka kwa anzawo anatsokomola, n'kuvula chipewa. Amalume anatsika, anazungulira, n'kutsegulira mwana wawo chitseko.

Galimotoyo idakali yokalamba. Utsi udakalipo, ndipo Blantyre yense anauona. Koma mkwatibwi anafika.

Kampango kaja azakhali akachapa ndi sopo, akawiritsa, akayanika padzuwa. Banga silikuchoka. Dzulo kutchalitchi ndinaona amalume akupukutira nako thukuta, azakhali akuyang'ana kumbali ngati sakuwadziwa.

Nanga inu, sabata ino mwatsuka chiyani musanakachionetse kwa amene akanakuthandizani?