A Jailos ndi Timapaipi ta ku Joni

A Jailos Namakhwa anabadwira kufupi ndi Muloza, kwa makolo amene anaoloka malire kuthawa chibalo cha Apwitikizi. Ntchito anayiyamba ali kamnyamata, kuthyola tiyi pa esiteti, dengu kumsana. Bwana wina ataona kuti mnyamatayu sasunga litsiro m'zikhadabo, anamuchotsa kumunda n'kumuika ku kalabu, kumene mabwana ankamwerako Loweruka. Kumeneko a Jailos anaperekera zakumwa mpaka imvi kumera.

Anali munthu waukhondo, koma wodzimva. Akazi awo, a Esteri, ankanena poseka kuti bambowa akamayenda amaopa kudetsa fumbi. Kumalayini a antchito, wina akafuna kudziwa kuti azungu amadya bwanji nsomba popanda kugwira ndi manja, ankafunsa iwowa. Mawu akuti "sindikudziwa" sankatuluka pakamwa pawo.

Mu 1983 esiteti inakweza munthu wakuda woyamba kukhala manijala, a Wilson Muhiwa. Akazi awo, a Christobel, anali mwana wa ku Chinakanaka, ndipo madona a chizungu ankawamwetulira ndi mano okha. Mayi Muhiwa anaganiza zochita phwando lokumbukira kubadwa kwa mwana wawo ku kalabu komweko, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mlongo wawo wa ku Joni anali atawatumizira kamakina kogayira ayezi ndi bokosi la timapaipi tomwera.

Dzulo lake la phwando Mayi Muhiwa anafika kukhitchini ya kalabu atanyamula bokosilo.

"Bambo Namakhwa, ndadalira inu. Tigaya ayezi, tithira sikwashi wofiira, ana amwera timapaipi timeneti. N'tachilendo pang'ono. Mumatidziwa?"

A Danieli, akhukhi a pakalabupo, anali chapafupi akusenda mbatata, khutu lili tcheru.

"Amayi, timapaipi ndayamba kutigwira inu musanabadwe," anayankha a Jailos, bokosi asanalitsegule n'komwe.

"Basi, mtima wanga wakhala pansi."

Amayiwo atachoka, a Jailos anatsegula. Timapaipito tinali tonenepa kuposa timene ankatidziwa, tofiira ndi tobiriwira. Koma kalikonse kanali kong'ambika kunsonga, kophwatalala ngati khutu la mbewa. Anatulutsa kena, chimodzimodzi. Anapisa dzanja mpaka pansi, chimodzimodzi. Mumtima anati katunduyu waphwanyikira m'njira, kapena anthu a ku Joni amugulitsa mlongo uja zotsalira za kufakitale. Anawamvera chisoni Mayi Muhiwa. Madona aja akanaona zimenezi akanakhala ndi nkhani mpaka Khirisimasi.

Nyumba ya manijala inali pafupi, pongodutsa mzere wa mitengo ya bulugama. Akanatha kupita kukafunsa. Anafika mpaka pakhomo la khitchini, n'kukumbukira zimene anayankha a Danieli akumva, n'kubwerera. Anatenga sizasi, nakhala pansi, nadula nsonga zija kamodzikamodzi, mosamala, kuti tonse tifanane msinkhu. Zidutswa anazitaya m'moto. Tsiku limenelo anaweruka akuimba mluzu.

Phwando linayamba bwino. Matambula anatuluka ali mbuu kuzizira, ayezi atatundumuka pamwamba. Ana anayamwa sikwashi yense, ayezi n'kutsala mbee pansi pa tambula. Anayesa kukoka, osakwera. Wina anapendeketsa tambula, chigumu chonse n'kumugwera kumaso. Ena anayamba kupisa zala, madiresi oyera n'kusanduka mawangamawanga. Mwana mwini phwando anayamba kulira.

Dona wina anatenga kapaipi, nakatembenuza uku ndi uku, nafunsa m'Chingerezi, mokoma kwambiri, ngati mlongo wa Mayi Muhiwa anaiwala kugula tokhala ndi sipuni. A Jailos Chingerezi ankachimva bwino. Thireyi inayamba kulemera m'manja mwawo.

Mayi Muhiwa anayang'ana kapaipiko. Anaona podulidwa. Sanatembenukire kwa a Jailos.

"Ndalakwitsa ndine poitanitsa," anatero. "Bambo Namakhwa, tithandizeni masipuni."

Alendo atabalalika, amayiwo analowa kukhitchini n'kuuza a Danieli kuti akaone za panja. Anatsegula chikwama chawo cha m'manja, natulutsa kapaipi kamodzi kathunthu, kamene anakapatula tsiku limene bokosi linafika. Anathira ayezi wotsala m'tambula.

"Taonani, bambo. N'konenepa kuti ayezi asatseke njira. Mumayamba n'kuyamwa. Madzi akatha, mumakazula, uku kophwatalalaku n'kumatapira. Ndi kapaipi, ndi sipuni yomweyo. Anachita kukapanga choncho."

Anatapa ayezi pang'ono n'kuwaonetsa. Kanthu kophweka, koti ndi mwana yemwe akanakazindikira.

"Amayi, ine ndimayesa..."

"Ndikudziwa. Mumafuna kundibisira manyazi. Koma mukanandifunsa. Inenso poyamba sindinkakadziwa, ndinachita kufunsa."

A Jailos akanakonda amayiwo akanawakalipira, kapena kuwachotsa ntchito kumene. Munthu wokalipiridwa amapeza pokwiyira. Iwo anangoima, maso ali pa simenti, makutu akutentha, munthu wa imvi pamaso pa mayi wa msinkhu wa mwana wawo amene anali atangosenza mlandu wawo pagulu.

Kunyumba sanadye. A Esteri atafunsa, anati ndi mutu. Koma nkhani ya pa esiteti sigona panjira. A Danieli anali ataona zidutswa m'phulusa, ndipo pofika Lamulungu kumalayini konse ankawatchula kuti a Sizasi. Amayi othyola tiyi akawaona akudutsa, wina ankatukula zala ziwiri n'kumazitsegula ndi kuzitseka, anzake n'kumafa nazo. Mayi Muhiwa okha sanaitchulenso nkhaniyo kwa munthu, ngakhale kwa amuna awo. Kwa madona aja anakhalabe mayi amene sanathe kuitanitsa timapaipi.

A Jailos anagwirabe ntchito zaka zingapo, koma a Muhiwa akabwera ku kalabu ndi akazi awo, iwo ankapeza chochita kuseri, thireyi n'kupatsa wina. Atapuma ntchito anabwerera ku Muloza n'kuyamba kulima zinanazi.

A Esteri anamwalira m'nyengo ya mvula ya 1991. Pamaliro panafika galimoto ya esiteti, ndipo anatsika ndi Mayi Muhiwa, atavala chitenje ndi duku ngati mayi wina aliyense. Anakhala pamphasa ndi azimayi, naimba nawo nyimbo zonse. Pobwera kumanda anadzagwada pafupi ndi a Jailos n'kuwagwira dzanja.

"Pepani, bambo Namakhwa."

A Jailos analandira ndi manja awiri, nathokoza kuti abwera kutali ndi matope otere. Anafuna kunena zina, koma anthu anali pamzere kumbuyo kudikira kupepesa, ndipo amayiwo anadzuka n'kupereka malo.