Zimene Mkazi Wanga Anauza Wansembe

Ndinataya mkazi wanga. Mwana wakhanda apongozi anamutengera kwawo ku Chelstone maliro atangotha. Makina osokera anapita, mapoto anapita, makatani amene anasoka yekha anapitanso. Ndinatayanso mpata womaliza wolankhula naye, chifukwa mpatawo unaperekedwa kwa wansembe.

Tinkakhala ku Kabwata, m'kanyumba ka kanselo, ine ndikuphunzitsa kusekondale. Iye anali Mkatolika. Ine ndinakulira mumpingo umene munthu amalapa kwa Mulungu yekha, popanda wina womvetsera. Loweruka lililonse masana ankasamba, kumanga duku, n'kupita kutchalitchi kukalapa. Ndinkamuseka.

“Machimo amenewa mumawatola kuti sabata ili yonse?”

“Pa laini ya shuga, ba ticha. Mukanamva zimene ninauza mai wina atanilowa kutsogolo, na imwe mukananipelekeza.”

Masiku amenewo shuga, sopo ndi mafuta ophikira, amene tinkawatcha saladi, zinkasowa, ndipo akazi ankatha tsiku ali pamzere m'tauni. Ndinkaona ngati kulapa kwakeko ndi chizolowezi cha ku ubwana basi, chimene adzasiya yekha.

Atabereka, thupi silinabwerere. Anayamba kutentha, magazi osaleka, tinamubwezera kuchipatala. Lamlungu lina, nthawi yoona odwala itangokwana, anapempha kuti amuyitanire wansembe. Anabwera wa kutchalitchi kwake, mwamuna wa msinkhu wanga, wochokera kumpoto. Namwino anakoka nsalu kuzungulira bedi, ine ndi apongozi n'kutitulutsira pakhonde. Ndinakhala pabenchi ndi mbale ya chakudya pamiyendo mpaka chinazizira. Pamene ankatuluka wansembeyo, nthawi ya alendo inali itatsala pang'ono kutha. M'mawa mwake ndinapeza bedi atayalula.

Pamaliro apongozi analira mokweza monga amayi amalirira, koma mawu amodzi anawanena akundiyang'ana ine. “Mwana wanga wapita na zambili mumtima. Ba Fada ndiye adziwa.” Anthu anawamva. Mawuwo ndinapita nawo kusukulu, ndinalowa nawo m'kalasi, ndinabwerera nawo m'nyumba yopanda makatani. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi: ngati mkazi wanga anamwalira ali ndi madandaulo pa ine.

Ndinapita kunyumba ya ansembe, wophika anati apita ku Chilenje kukaika maliro. Ndinapitanso, anati akupuma. Ndinadikira Misa ituluke, koma amayi a kwaya anamuzinga, iye n'kungondigwira dzanja ndi manja awiri n'kudutsa. Ndiye ndinakumbukira kuti pali malo amodzi pamene wansembe sangathawe munthu.

Loweruka ndinakaima pamzere wa olapa. Ambiri anali achinyamata, ena a m'kalasi mwanga momwe. Atandiona anagwetsa nkhope n'kumagundana zigongono. Mayi wina wachikulire, amene tinkatunga naye madzi pampopi umodzi, anandicheukira.

“Ba ticha, mwasokela? Pano sagulitsa saladi.”

Anyamata anaseka chotseka pakamwa. Ine ndinangoyang'ana khoma. Ndinkawaona akulowa m'kachipinda kamatabwa kolapiramo ali zyoli, n'kutuluka mapewa atawongoka. Mtsikana wina anatuluka akupukuta misozi, anagwada pang'ono kutsogolo, ndipo pofika pakhomo anali akuseka ndi mnzake. Zinandinyansa. Ndinkadzifunsa kuti ana amenewa asenza chiyani choti atule. Ine amene ndinali ndi mtolo weniweni ndinalibe poutulira.

Nthawi yanga itakwana ndinalowa. Munali fungo la thukuta ndi sera wa makandulo. Ndinagwada chifukwa panalibe pokhala. Mawu oyambira sindinkawadziwa.

“Yambani, mwana wanga,” anatero kuseri kwa kawaya kotilekanitsa.

“Sindine mwana wanu. Tinabadwa chaka chimodzi mwina.”

Anazindikira mawu anga, n'kundilonjera m'chilankhulo cha kwawo kumpoto. “Ni ba ticha. Muli shani?”

“Sindinabwere kudzalapa. Ndabwera kudzamva zimene mkazi wanga anakuuzani kuchipatala.”

“Izo siningakambe.”

“Anali mkazi wanga. Amene ankamugoneka ndi kumutembenuza ndine. Amene ankachapa nsalu zamagazi ndine. Inu munangobwera ndi kabotolo ka mafuta n'kutenga nthawi yonse.”

“Nizoona,” anatero. “Munamusamala. Koma siningakambe.”

Ndinkalankhula motsitsa mawu, chifukwa kunja kunali ana anga a sukulu. Ndinati andiuze kamodzi kokha, inde kapena ayi, ngati ananditchula. Anati ngakhale zimenezo sanganene. Akati ayi kwa ine lero, mawa akakhala chete kwa mwamuna wina, mwamunayo adzadziwa kuti yankho ndi inde. Anandiuza kuti anabwerapo amuna ovala magalasi akuda, akazitape a boma, ofuna kumva zimene ana a kukoleji amanena za Chipani cholamula akagwada pamenepo, ndipo anabwerera chimanjamanja ngakhale anamuopseza.

“Ndiye mukundiika pamodzi ndi ma shushushu?”

“Iyayi. Koma chitseko ni chimodzi. Nikakutsegulilani imwe, ana aja ali panja sadzabwelanso, ndipo ena a iwo alibe kwina kokambila.”

Zinali zomveka, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Ndinkafuna andiyankhe mwachipongwe kuti ndipeze pomugwirira. Kenaka anati ngakhale sindine wa mpingo wake, ngati pali chimene chikundilemera ineyo, angathe kukhala nane panja pansi pa mtengo n'kumvetsera. Ndinamuuza kuti za m'nyumba mwanga zimene ali nazo kale zamukwanira. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi m'mawondo, ndinadutsa pakati pa ana aja osayang'ana aliyense. Lolemba ndinawaphunzitsa monga mwa nthawi zonse, ndipo palibe amene anatchulapo kanthu.

Wansembeyo anasamutsidwa patapita zaka zingapo. Asanachoke tinkakumana m'njira ya kumsika, iye n'kukweza dzanja, ine n'kugwedeza mutu. Sindinamukhululukire, ndipo sindinganame kuti ndinayesapo. Apongozi ndinawafunsa tsiku lina ku Chelstone, mwana ali pamiyendo panga, kuti mawu aja ankatanthauza chiyani. Anati sakukumbukira kuti ananenapo zotero, pamaliro munthu amangolankhula. Mwina ankanena zoona. Ine mpaka lero sindidziwa.

Chimene ndili nacho ndi zimene ndinaona ndekha namwino atachotsa nsalu ija. Sabata yonse mkazi wanga ankabuula, nkhope itakwinyika, akugwira chitsulo cha bedi. Tsiku limenelo ndinamupeza atagona chagada, manja ali pamimba, mafuta akunyezimira pamphumi. Kukwinya konse kunali kutachoka. Ine ndinalephera kumuchitira zimenezo ndi zonse zimene ndinayesa, ndipo ndinamva kuwawa m'malo mothokoza. Belu lotulutsa alendo linali litayamba kulira. Ndinali ndi zambiri zoti ndinene, koma zimene zinatuluka ndi izi:

“Mumakamba chiyani nthawi yonseyi?”

Anatsegula maso, anandigwira pamkono, n'kumwetulira pang'ono.

“Mwayamba nsanje na ba Fada? Lekani, ba ticha. Ine napepukidwa manje. Pitani, basi ingakusiyeni.”