Chogwirira cha Sesiliya

Ku Chiparamba anthu amamudziwa Sesiliya ngati mkazi wa manja achangu koma wosalankhulalankhula. Anabadwira pomwepo, m'banja lolima chimanga ndi mtedza. Sukulu analekezera giredi naini, ndipo ngakhale m'kwaya ya kutchalitchi amaima kumbuyo kuti asaoneke.

Mtedza ndiwo unamupezera mwamuna. Jethro, mnyamata wokonza zigayo wa ku Chipata, atabwera kudzakonza chigayo cha pamudzipo anamupeza pamkeka akuswa mtedza. Anakhala pansi kuti athandize, koma zala zake zozolowera sipanala zinatupa lichero lisanadzaze. Mawa lake anabweranso, chigayo chili bwinobwino. Mapeto ake anamanga nyumba pafupi ndi apongozi, ndipo kunabadwa mwana wamkazi, Precious.

Jethro atapeza malo ku yunivesite ku Kitwe, kukaphunzira uinjiniya wa makina ndi kapangidwe ka zinthu m'mafakitale, Sesiliya sanadandaule. Mabuku saphika, mabuku samwetulira. Zaka zoyambirira mwamuna ankabwera patchuthi atawonda, akudandaula za masamu, iye n'kumamudyetsa mpaka masaya abwerere.

Zinthu zinasintha m'chaka chomaliza. Ophunzira anawaika awiriawiri kuti apange makina enieni oti akaonetse kwa aphunzitsi, ndipo Jethro anamuphatikiza ndi mtsikana wina dzina lake Hellen. Dzinali linalowa m'nyumba ngati utsi. Pafoni, Hellen wajambula bwino pulani. Hellen amawotcherera kuposa anyamata. Hellen wanena kuti chitsulo chija n'chopyapyala. Sesiliya ankangoti, "Chabwino, atate a Precious," koma akatseka foni ankatsuka mapoto oyera kale.

Patchuthi cha Khirisimasi Jethro anabwereka tepi kwa telala wa pamsika.

"Amake Precious, taimani mowongoka."

Anamuyeza kuchokera pansi mpaka m'chiuno, kuchokera paphewa mpaka pachigongono, n'kumuuza kuti atambasule mkono ndi kufumbata chibakera. Atafunsidwa kuti n'zachiyani anangoseka. Ketilina, mkulu wake wa Sesiliya, anali pakhonde akuona zonse.

"Iwe, ukufunsa chiyani? Limenelo ndi diresi la tsiku lomaliza maphunziro. Udzakhala kutsogolo ngati mkazi wa injiniya, ife tikupanga phokoso kumbuyo."

Sesiliya anakhulupirira. Anasankhiratu mtundu mumtima mwake, wobiriwira ngati masamba a mtedza. Koma Isitala inafika, Jethro anabwera ndi chikwama cha zovala zakuda basi. Pafoni yake panali chithunzi: iye ndi Hellen mu wekishopu, atavala maovolosi ofanana, mitu itagundana pa chitsulo chimodzi. Sesiliya anachapa ovolosi ya Jethro ija mpaka kolala inayamba kusosoka. Mumtima anati diresi lija linasokedwa ndithu, koma linasochera njira.

Anthu atakumba mtedza n'kuuyanika, kalole kanatulukira kuchokera ku Chipata katanyamula chinthu chofunditsidwa tenti. Anali makina oswera mtedza, opukusa ndi manja, ndipo Jethro ndi Hellen anabwera nawo kuti awayese pa mtedza weniweni. Woyamba kudumpha pansi anali Hellen, wamtali ngati mlongoti, tsitsi lometa, nsapato zachitsulo kumapazi.

"Alamu, muli bwanji? Ndamva zambiri za inu."

Sesiliya anayankha chogwada, maso pansi, koma anali atamuona yense mpaka kandolo kakang'ono ka kukhutu.

Tsiku lonse awiriwo ankamanga makina pansi pa mtengo wa mango. "Iwe Jethro, ndipatse sipanala." "Iwe Jethro, bawuti iyi wamanga ngati ukudwala malungo." Iwe! Sesiliya, amene anamuberekera mwana, sanamutchulepo mwamunayo dzina pagulu. Nthawi ya chakudya anawabweretsera madzi, ndipo asanatenge beseni lachiwiri, manja anayi akuda ndi girisi anali atalowa kale m'beseni limodzi, akulandirana sopo. Madziwo anakawataya kutali, kuseri kwa khola.

Chakumadzulo amayi a pamudzi anasonkhana ndi malichero awo. Jethro anathira mtedza pamwamba, Hellen anagwira chogwirira n'kuyamba kupukusa. Makina analira kwekwerekwe, mtedza unagwera mbali ina, makoko mbali ina, amayi n'kululutira. Sesiliya anaima kumbuyo. Ankaona ntchito imene inamukumanitsa ndi Jethro pamkeka ikuchitidwa ndi mkazi wina, mwamuna wake akuomba m'manja.

Posakhalitsa Hellen anasiya, atagwira msana.

"Iwe Jethro, ndinakuuza kalekale kuti chogwirirachi chili pansi kwambiri. Unakakamira manambala ako aja. Ine ndichite kuwerama ngati ndikupalira?"

"Si chako chimenecho," anatero Jethro. "Amake Precious, tabwerani."

Sesiliya anapukusa mutu, koma Ketilina anamukankha kumsana. Atagwira, mtengo wa chogwirira unadzaza chikhatho chake osatsala malo. Sanawerame, sanachite kudzikweza. Mkono unkapita n'kubwerera ngati chitsulocho chinamera paphewa pake. Anapukusa mpaka thumba linatha, osamva kutopa.

"Ndinkafuna kuti zala zanu zipume," Jethro anatero motsitsa mawu. "Tepi ija inali ya zimenezi."

Ketilina anaseka mpaka kukhala pansi. "Mayo ine! Diresi lako lija ndi limeneli, lachitsulo! Udzavale pa Sande tidzakuone!"

Sesiliya anabisa nkhope m'chitenje, koma m'kati mwake ankamwetulira. Chimwemwecho chinatha pa chakudya chamadzulo, Hellen atafunsa za kalole. Makina ankayenera kubwerera ku Kitwe mawa lake. Kumeneko Jethro akaima pamaso pa aphunzitsi kufotokoza, Hellen akupukusa.

"Akupukusa ndi chogwirira chimenechi?" anafunsa Sesiliya. Aka kanali koyamba kuyankhula pamaso pa mlendoyo osafunsidwa.

"Nanga ndi chiti, alamu? Ndikapirira msana."

M'mawa kalole katafika, makina analibe chogwirira. Pamalo pake panatsala dzenje la bawuti, nati itaikidwa bwinobwino pambali. Hellen anafunafuna m'udzu. Jethro anayang'ana natiyo, anayang'ana sipanala imene inali itabwezedwa m'bokosi chozondoka, n'kulowa m'nyumba. Anapeza mkazi wake atakhala pabedi, chogwirira chili pamiyendo, atachikulunga m'chitenje cha ukwati wawo.

"Amake Precious, popanda chimenecho makina sayenda. Ndikalephera mayeso."

"Paja munati amawotcherera kuposa anyamata. Akapange chake, chachitali, msana usamupweteke."

"Ndiye kuti tisinthe zojambula zonse."

"Mukasinthe. Munati nokha pamaso pa anthu kuti ichi si chake."

Jethro anakanda mutu, kufuna kukwiya, koma kuseka kunamutsogolera. Anatuluka chimanjamanja. Sesiliya anamva Hellen akufunsa, kenako akuseka, n'kufuula kuti, "Alamu, mwandipulumutsa msana!" Sizinamukondweretse kwenikweni. Anatuluka n'kukaima pafupi ndi mwamuna wake pamene ankamangirira makina pa kalole.

"Atate a Precious," ananong'ona, "tepi ija musatenge. Adziyeze yekha."

Makina anabwerera ku Chiparamba maphunziro atatha, ali ndi chogwirira chachitali. Tsiku lomwelo Sesiliya anachimasula n'kubwezerapo chake. Amayi a pamudzi amaswera pomwepo mtedza wawo, koma wopukusa amakhala iye. Chachitali chija anatchingira chitseko cha khola la mbuzi, ndipo chikadali pomwepo, chikuchita dzimbiri.