Tsiku Limene Ndinakwera Mlatho wa Ajapani

Kutchalitchi kwathu ku Partick, kuno kwa azungu, kuli mkulu wa mpingo mnzanga amene amakonda kusimba kuti ine ndinathawa chigoba cha Mjapani. Akulakwitsa pawiri. Choyamba, mu kabuki, gule wa Ajapani amene ndinakaonerayo, savala zigoba. Nkhope amaipaka utoto woyera ndi mizere yofiira. Zigobazo ndi za gule wina wa kumeneko. Chachiwiri, sindinathawe. Ndipo iyeyo kunalibeko tsikulo.

Zinayenda motere. Chimwalirireni mkazi wanga ndimakhala ku Maryhill ndi mwana wanga wamkazi pamodzi ndi mwamuna wake. Loweruka lina masana ananditenga kukaonera gulu la ku Japan limene linadzavina mu holo ina m'tauni. Ndinavala suti yanga ya Mgonero. Piritsi la kuthamanga kwa magazi, lija lotsitsa madzi m'thupi, ndinalimwa mochedwa chifukwa cha pikitipikiti wokonzekera.

Siteji ya kabuki sithera kutsogolo. Pamatuluka kanjira ka matabwa, kokwera ngati mlatho, kodutsa pakati pa anthu mpaka kumbuyo kwa holo kumene kuli katani. Ovina amalowera ndi kutulukira pamenepo. Mpando wanga unali womaliza mumzere, wogundana ndi mlathowo.

"Bambo, apa m'pa mabwana," anatero mkamwini wanga. "Muwaona mpaka thukuta."

Ndinaonadi. Munthu wovala zakuda, wophimba kumaso, ananyonyomala kumbuyo kwa wovina n'kusolola ulusi, ndipo chovala choyera chinagwa, chofiira n'kuonekera nthawi yomweyo. Wina ankamenyetsa timitengo tiwiri pathabwa, wovina n'kuuma gwa, maso ali tong'o. Kenako siteji yonse inazungulira, nyumba inapita, kunabwera nkhalango.

Apo ndi pamene piritsi linayamba ntchito yake.

Kumanja kwanga kunali mwana wanga, mkamwini, ndi mzere wautali wa alendo, mawondo awo atagunda mipando yakutsogolo. Ine ndinaleredwa kuti munthu salumphidwa miyendo. Komanso bambo angamuuze bwanji mwana wake wamkazi, mkamwini ali khutu tcheru pomwepo, kuti akufuna kukataya madzi?

"Adadi, muli bwinobwino?" ananong'ona mwana wanga.

"Yang'ana kutsogolo."

"Mukutuluka thukuta."

"Ndi suti."

Ndinayesa kuimba nyimbo ya m'buku chamumtima, ndime zonse. Ndinapanikiza mawondo. Timitengo tija tikalira, ndinkamva ngati akumenya pamimba panga. M'holo munali mdima, zitseko zotseka, ndipo wovina ankatenga nthawi yophikira nyemba kuti angotembenuza khosi. Ndinaona kuti njira zatsala ziwiri: kuchita manyazi pampando pamaso pa mkamwini, kapena mlatho.

Ndinakwera mlatho.

Ovina amayendapo ndi masokosi. Ine ndinali ndi nsapato zachikopa, ndipo phazi lililonse linamveka holo yonse. Palibe anaseka. Nditatsala pang'ono kufika, katani inatseguka ndi phokoso la mphete zachitsulo, ndipo panatulukira msilikali wa nkhope ya mizere yofiira, manja a chovala chake aakulu ngati zitseko. Mlathowo sukwana anthu awiri. Kubwerera kunali kupita pasiteji penipeni.

Ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa. Ndinawerama, ndinaomba m'manja pang'ono, n'kunena kuti, "Zikomo, wawa."

Mnzanga uja amati ndinagwada kupempha moyo. Bondo langa lamanzere lili ndi nyamakazi ndipo limapinda lokha. Msilikaliyo anaima nji, anandiyang'ana, kenako anakweza mkono pang'onopang'ono ngati ndi mbali ya gule. Ndinadutsa pansi pa nsaluyo. Inkanunkhira ngati sutikesi yakale.

Kuseri kwa katani mayi wina wogwira ntchito m'holomo anandigwira pachigongono, ndipo sanafunse zambiri. Ndinafika kuchimbudzi nthawi yake. Zimenezo zilembedwe bwino.

Koma kubwereranso sanandilole. Anandipatsa mpando m'khonde lopanda zenera, pakati pa mabokosi a zovala, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka sewero linatha, ndikumva timitengo tija kuseri kwa khoma.

Tinakwera basi yobwerera kunyumba.

"Bambo, mukanangondigwira paphewa," anatero mkamwini.

"Kuno anthu amaimirira n'kukupatsani njira, adadi," anawonjezera mwana wanga. "Palibe amalumphidwa."

"Ndikudziwa," ndinayankha.

Sindinkadziwa. Zaka zonsezi ndinali ndisanakhalepo pakati pa mzere.

Chiyambire tsikulo, akamapita kokaonera zinthu amandisiyira tiyi m'fulasiki. "Mupume, adadi, kunja kukuzizira." Sakalipa, ndipo ine sindipempha. Ndimamva chitseko chapansi chikutsekeka, n'kukokera mpando pazenera loyang'ana ngalande. Mmene msilikali uja anathera sindidziwa mpaka lero, ndipo sindidzawafunsa.