Sabata imodzi ya amalume

Amene anandilakwira ndi amalume, achimwene awo a mayi anga: anandinamiza n'kukanditaya kuphiri. Dzulo ku Chileka munthu wina anandidutsa atanyamula kabokosi ka mkungudza, fungo lake n'kundibwezera komweko.

Ndinali Sitandade 5 ku Lirangwe. Amalumewo ankanyamulira azungu zikwama m'phiri la Mulanje, ndipo anauza mayi kuti akunditenga ndikacheze sabata imodzi yokha. Tinakwera tsiku lonse mpaka pakamudzi ka ocheka matabwa, nyumba zisanu basi, komwe anali ndi mkazi wina. Panjira anandichenjeza kuti, "Kuno sitiitana munthu mokuwa. Ukakuwa, mizimu imakutenga."

M'mawa mwake ndinawaona akulowa m'nkhungu ndi azungu awo, osacheuka. Ndinafuna kuwaitana, koma ndinangodziluma mlomo.

Ndinakhala miyezi itatu ndikuweta mbuzi za akazi awo aja. Pamudzipo panalibe mwana wina. Chiperoni chinkandilowa m'mafupa, mapazi anang'ambika. Alendo ankadutsa ndi ndodo zawo, kundijambula, n'kumapita. Ine ndinkacheza ndi mbuzi, nazonso monong'ona.

Tsiku lomwe amalume anabwera, anandiponyera paketi ya mabisiketi uku akuseka. "Mphwanga, wanenepatu! Wazolowera eti?"

Ndinaiponda paketiyo mpaka inaphulika. Kenako ndinawayang'ana m'maso.

"Amalume, anzanga alemba mayeso ine ndili pambuyo pa mbuzi za akazi anu. Ndikutsika pompano, ndekha. Ndikagwera kuphompho, mukawauze nokha mayi komwe munandisiya."