Kiyi wa geti la mgodi wa tini

Ndikukumbukira fungo la girizi m'manja mwa bambo anga. Tinkakhala kukomboni ya mgodi wa tini ku Zimbabwe, komwe iwo anapita ali mnyamata kuchokera ku Dedza. Mgodiwo unatsekedwa ine ndili Giredi 3. Makina anangoti zii, madzi anadzaza m'maenje, anyani n'kuyamba kulowa m'maofesi ngati ndiwo mabwana atsopano.

Tsiku lochoka, manijala anapatsa bambo kiyi wa geti lalikulu, amvekere musunge, tibweranso. Basitu, mawu awiri amenewo ndi amene anatilanda bambo. M'mawa uliwonse ankavala ovolosi ndi chisoti, kukapaka loko girizi, kumutsekula, kumutsekanso. Chonsecho waya wa mpanda anthu anali atadula kalekale kukatchera akalulu ndi agwape, ndipo mbuzi zinkangodutsa m'mbali mwa geti lokhomalo. Anafe tinkaseka mobisa.

Amene ankatidyetsa anali amayi. Ankapita ndi beseni kumilu ya mchenga wotayidwa ndi mgodi, kumautsuka m'madzi ozizira mpaka pansi patsale timiyala takuda tolemera, tomwe ankagulitsa kwa amalonda. Zala zawo zinali zong'alukang'aluka ngati chidendene.

Patapita zaka kunabwera lole yodzatenga Amalawi ofuna kubwerera kwawo. Amayi anamanga katundu, anawachonderera bambo mpaka kugwada pafumbi anthu akuona. Bambo anatiperekeza atavala ovolosi yomwe ija. Ndinawakoka mkono kuti akwere.

"Nanga akabwera, kiyi awapatsa ndani? Tsogolani mwananga, ndikupezani."

Sanatipeze. Anaikidwa komweko, manda awo sindiwadziwa n'komwe. Ndimawasowa koopsa, koma kunena zoona mkwiyo sunandithere.

Panopa ndine gadi kuno ku Doha. Chibwerere Covid, hotela yathu ku Al Doha Al Jadeeda njotseka, ndimalondera ma-room opanda munthu, supervisor akungoti bukra, inshallah, kutanthauza kuti mawa, Mulungu akalola. Zinthu zinasintha, inde. Akuti masiku ano ukhoza kuchoka osapempha chilolezo kwa bwana. Bambo analibe foni, pomwe ine mwana wanga Tadala ndimamuona pavidiyo Lachisanu lililonse.

Sabata yatha Tadala anandifunsa kuti ndibwera liti. Ndinayamba kumulongosolera za contract, kuti hotela ikangotsegulidwa ndiye tiona bwino. Anandidula ndisanamalize.

"Chabwino adadi. Amayi anandiuza kale kuti ndisiye kufunsa."